Yasamula, Tikambenji

Yasamula, Tikambenji.
Tulutsa lilime, unene kuti aaa.
Usaope tochi, siluma.

Ndiwe khosi la makumi atatu ndi chiwiri lero,
pomwe dzuwa silinalunjike n'komwe pa phiri la Kanjala.
Juni ndi mwezi wa makosi.
Mphepo ikatola fumbi ku Mchini ndi ku Nabvutika
imadzalikhuthula pa benchi yanga,
ana atakulungidwa m'zitenje ngati mitolo ya mpiru.

Pathebulo pali kakompyuta kosweka pangodya.
Anabwera nako anyamata awiri a ku Lusaka,
a nsapato zosadziwa matope,
natiphunzitsa masiku atatu, natipatsa fanta, napita.
Kali ndi mafunso ake, omwewomwewo,
ngati wapolisi wa pachipata cha Mwami.

Thupi latentha? Eya, bambo ako akuti usiku unali mbaula.
Ukutsokomola? Ayi.
Mwanabere? Dikira, ilo ndi funso la zala zanga.
Nazi, pansi pa chibwano,
nsawawa ziwiri zobisala m'khungu,
ndipo wanyinyirika ndisanakanikize.
Timawanga toyera kummero? Ndatiwona, ndajambula.
Zaka? Zisanu ndi zinayi.

Kakuganiza.
Kamzere kakuzungulira, netiweki yapita kukamwa tiyi.

M'mawa kanakana aphunzitsi a Njobvu.
Anafuna makapusozi ofiira ndi achikasu aja,
iko kanati ndi chimfine chabe:
madzi ofunda a mchere, panado, kupuma.
Anaimirira, nakonza tayi:
"Zaka makumi awiri ndikuphunzitsa sayansi,
lero ndikanidwe ndi galasi?"
Ndinati galasi lawerenga, koma wakana ndine.
Chitseko anachimenyetsa.

Bambo ako agwira chipewa ndi manja awiri.
Njinga yawo ili panja, mpando wakumbuyo uli wopanda munthu,
ola lililonse pano ndi makwacha othawa.
Akuti oyandikana nawo anawalangiza
kuti kanyama kolendewera kukhosiko kadulidwe,
kuli mkulu wina ku Magazini, lezala lake n'latsopano.

Kakompyuta sikadziwa za Esinati.
Palibe bokosi lolembamo mng'ono wanga.
Nayenso linali khosi, ali ndi zaka khumi,
linapola lokha, tinayamika.
Matenda anangotsika masitepe mwakachetechete
n'kukakhala mumtima ngati mlendi wosalipira.
Pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
miyendo inali mitondo,
ankagona chokhala, mapilo atatu kumsana,
akupuma ngati wakwera Kanjala ndi ndowa pamutu.
Tinamuika mu Okutobala, mango asanapse.

Taona, kayankha.
Kakuti mwayi ndi waukulu kuti ndi bakiteriya,
kakuti penisilini, masiku khumi.
Ndinadziwa kale, zala zinandiuza.
Komabe ndimakonda tikagwirizana,
chifukwa pofika khosi la makumi asanu ndi limodzi
maso anga amayamba kunama,
pomwe iko sikamva njala, sikathamangira basi,
sikaopa tayi ya munthu.
Tsiku lina kanalakwa, ndinakatsutsa,
sikanakwiye. Apo kamandiposa.

"Makina ati bwanji, adokotala?"
Ati lezala likhale la ndevu zanu, a Shawa.

Magetsi azima. Batire latsala pang'ono.
Ndikuwerenga mapilitsi pawindo, m'kapepala kapulasitiki,
ndikujambula dzuwa, ndikujambula mwezi.
Mverani: tsiku lachitatu adzayamba kulongolola,
adzalanda mnzake chingwe chodumpha,
mudzati wachira.
Musaleke. Musasungire mng'ono wake otsalawo.
Khumi, mpaka kapepala kapepuke.

Tseka pakamwa tsopano, Tikambenji, tatha.
Ukakwera njinga ugwire malamba a bambo ako,
ufunde kukamwa, msewu wa ku Mchini ndi fumbi lokhalokha.

Ndikupukuta galasi ndi mkono wa malaya.
Wotsatira!